Chimbale Cholondera Mapira

Ndikakumbukira agogo Bwanali, ndimamva fungo la utsi wa jenereta ya a Yusufu, amene ankaonetsa vidiyo m'kanyumba kaudzu pa Chiponde, kunjaku njinga zolemedwa ndi matumba zikuliza mabelu polowera ku Mozambique. Agogo anathawa nkhondo kumeneko, ndipo pothawapo anasiyana ndi mlongo wawo Asiyatu. Anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala, osadziwa ngati mlongoyo akadali moyo.

Tsiku lina wamalonda anawabweretsera zimbale ziwiri za vidiyo ya ukwati wa wachibale wa ku Lichinga, ku Mozambique komweko. Agogo anazitembenuza, n'kuona kuti n'zofanana ngati mapasa.

"Chimodzi chikwana," anatero. "Chinachi chikagwire ntchito."

Anakachimangirira pansungwi kumunda kuti chiziphanima, mbalame zisadye mapira. Agogowo sankalola kanthu kukhala chabe, ngakhale ife adzukulu.

Lachisanu, atachoka kumzikiti, tinakadzaza kwa a Yusufu. Tinaona akwati, tinaona miphika ya mpunga, agogo maso ali tong'o kufunafuna nkhope imodzi. Kamera itangoyamba kutembenukira pamphasa ya amayi achikulire, chithunzi chinathima.

"Yusufu, wawononga!"

"Sindinawononge, che Bwanali. Iyi ndi visidi, imanyamula ola limodzi ndi pang'ono basi. Ikanakhala dividi, ukwati wonse ukanakwana m'chimodzi. Chachiwiri chili kuti?"

Ndinaulula ndine, pakamwa panga sipanachedwepo: "Chikulondera mapira!"

Nyumba yonse inafa nako kuseka. Sindinawaonepo agogo akuthamanga chonchija, kofia ili m'manja. Anabwera nacho chitakandika ndi nsungwi, mbalame zitasiyaponso chizindikiro chawo. A Yusufu anachipukuta ndi malaya. Chithunzi chinadumphadumpha, kenako chinakakamira pamayi wina wampata kumano, akuseka, dzanja lili m'mwamba.

"Dikirani ndichikonze," anatero a Yusufu.

"Chisiye pomwepo!" Agogo anasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. "Asiyatu! Wakalamba iwe, koma mpatawo ndi womwe uja."

Ankaseka misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo nanenso ndinalira, ine amene ndinangobwera kudzaona mpunga. Chaka chimenecho mbalame zinadyerera, koma agogo sanaone n'komwe, anali atawoloka malire kukaona mlongo wawo.

Chimbalecho ndili nacho m'sutikesi. Makina ochiseweretsa anasowa kalekale, koma ndikachitembenuza padzuwa, ndimawamvabe agogo akukuwa kuti chisiye pomwepo.