Ndinadya Phunziro la Lachinayi

Mwa anthu onse obadwira m'mapiri a Dedza, kuyambira ku Mphunzi mpaka kutsikira ku Linthipe, woyamba kuona ndi maso ake mmene chamoyo chimakulira ndine. Ndikulemba izi kuti adzukulu asadzavutike n'kufunsa. Kunena zoona, ndinaona ndi diso limodzi, lamanzere, kwa nthawi yongokwanira kumeza malovu kawiri, anzanga akundikankha kumbuyo. Pamzere ndinali wachitatu. Koma awiri amene anali patsogolo panga anadzaulula kuti iwo anangoona nsidze zawo, choncho ulemuwo ndi wangabe.

Izi zinachitika kusukulu ya mishoni yophunzitsa aphunzitsi, nkhondo ya azungu isanatifike. Ndinali m'chaka chachiwiri, chimene chinakhalanso chomaliza. Wansembe wina wachizungu, wandevu zofika pachifuwa, anali ndi makina amkuwa oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Pazenera la kalasi anakhazika anyezi atatu pakamwa pa matambula a madzi, mizu n'kumatsikira m'madzimo. Lolemba anadula kansonga ka muzu umodzi, kukapaka mankhwala ofiira, kukafinya pakati pa timagalasi tiwiri, n'kutiitana mmodzimmodzi.

Ndinaona tizipinda. Ana asukulu a masiku ano amati maselo, koma ife tinkati tizipinda, poti tinali titasanjikana ngati njerwa za tchalitchi. Tambiri tinangokhala phee. Koma m'kamodzi munali timaulusi tofiira titafola pakati, ngati amuna ovina ngoma. M'kena timaulusito tinali titapatukana, tina uku, tina uko. M'kenanso khoma latsopano linali litadutsa pakati, kachipinda kamodzi katasanduka tiwiri. Wansembeyo anati umu ndi mmene muzu umatalikira, mmene bala limapolera, ndi mmene khanda limakulira mpaka kumera ndevu.

"Nanga tambiri tangokhalati, tikuchita chiyani?" anafunsa mnzanga wina.

"Timeneto ndi phunziro la Lachinayi," anayankha wansembe.

Lachitatu kunali nyemba zopanda mchere, sabata yachitatu yotsatizana. Sindikufuna kutalikitsa nkhani. Anyezi atatu aja analowa m'nyemba. Tinadya tili anthu asanu, koma fungo linasankha ine. Lachinayi m'mawa, anzanga akulowa m'kalasi, ine ndinali pamsewu, mphasa ili pamutu. Ena amati masamu anga anali atafooka kale. Ine ndimaona kuti nkhani inali ya anyezi basi.

Patatha chaka ndinakwatira kumudzi wina kuseri kwa phiri, n'kukhala mkamwini pakhomo la mayi wamasiye wa ana aakazi awiri. Ine ndinatenga wamng'ono. Wamkulu, alamu anga, anakwatiwa ndi mwamuna wina wamapewa ngati chitseko, wolima kuyambira mbandakucha, amene pa tsiku ankalankhula mawu osapitirira atatu. Ine ndinkalimanso, koma ndinkaima pafupipafupi kuti ndifotokozere anthu zimene zikuchitika m'mizu ya chimanga. Pofika masana mnzangayo amakhala atamaliza mizere makumi awiri, ine isanu, koma yanga inali yomveka bwino.

Apongozi anga sankandikonda, ngakhale kuti sitinaonanepo maso ndi maso. Mwambo sunkalola. Tikakumana panjira ine ndinkalowa m'tchire mpaka adutse, ndipo minga ya kuderalo ndimaidziwa yonse. Akafuna kundiuza mawu ankaima kuseri kwa nkhokwe, n'kuitana mkazi wanga kuti andifikitsire, chonsecho mawu awo ankamveka mpaka kutsidya la mtsinje. Ankanditchula kuti aphunzitsi. Tsiku lina m'chilimwe anatulutsa mphasa yanga panja kuti iume, inakhala pomwepo masiku atatu, dzuwa lili phwee. Ndinamva. Mkamwini akaona mphasa yake ikuyanikidwa yosanyowa, amadziwa kuti njira ya kwawo yatsegulidwa.

Chaka chimenecho alamu ndi amuna awo anaganiza zokamanga kutsidya la mtsinje, kumene kunali nthaka yabwino ya mbatatesi. Katundu wapakhomo anayenera kugawidwa pakati pa ana awiriwo, ndipo mkangano unayamba tsiku lomwelo. Wina akagwira mphika, wina amati anaumba ndi iye. Anakangana sabata yathunthu, mpaka nkhuku zinayamba kugona mumtengo.

Kenako mawu anatuluka kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, uwauze aphunzitsiwo kuti khasu lawakana, tiona ngati sukulu yawavomera. Agawe katunduyu, ana anga asiye kulongolola. Akalephera, mphasa yawo ija yauma."

"Akuti mugawe katundu," anatero mkazi wanga.

"Ndamva. Muwauze amayi kuti agwira munthu woyenera. Kugawa ndinakuona kumene kumayambira."

M'mawa mwake ndinasesa pabwalo, n'kujambula mzere wautali ndi ndodo. Ndinalamula kuti katundu yense atulutsidwe ndi kufola pamzerepo, monga timaulusi tija. Anthu a m'mudzi anabwera kudzaonerera. Ndinavala jekete langa la kusukulu, lomwe linali litatsala batani limodzi, ndipo ndinayamba ndi kufotokoza za anyezi. Ndinati kachipinda ka m'muzu sikaitana ankhoswe, sikalira, sikakumbutsa mnzake za mphika wa dzana. Kamaika zonse pakati, theka uku, theka uko, khoma pakati, basi. Nkhalamba ina inafunsa ngati anyeziyo anali Mkhristu. Ndinaiyankha kuti anakulira pamishoni.

Vuto linali laling'ono: pakhomopo chinthu chilichonse chinali chimodzi. Koma munthu wophunzira sasowa njira. Ndinaona kuti zinthuzo zimayenda ziwiriziwiri, choncho ndinaziimika moyang'anana. Mtondo ndi munsi. Mphero ndi mwana wake, kamwala koperera kaja. Nkhwangwa ndi mpini wake, zimene ndinagulula ndekha. Chitseko ndi mpiringidzo. Tambala ndi thadzi. Tonde ndi mbuzi yaikazi. Kenako ndinaimika mkazi wanga kumadzulo, alamu kum'mawa, ndi kukweza dzanja.

"Kokani!"

Anakoka. Mtondo unatsala kwathu, munsi unapita kutsidya. Ife tinatenga chitseko, iwo mpiringidzo. Ife mpini, iwo nkhwangwa. Ife mbuzi yaikazi ndi tambala, iwo tonde ndi thadzi. Aliyense anawerenga zake ndi kupeza kuti n'zofanana ndi za mnzake, ndipo kwa nthawi yoyamba m'sabata imeneyo pabwalo panali zii. Amayi ena analuluta. Mkamwini mnzanga uja anayang'ana nkhwangwa yopanda mpini m'manja mwake nthawi yaitali, n'kugwiritsa ntchito mawu ake onse atatu a tsikulo.

"Kaya. Tiona mawa."

Ulemerero wanga unakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu, ufa unatha.

Mkazi wanga anaoloka mtsinje kukabwereka munsi. Alamu anati munsi ndi wawo, wofuna kusinja abwere ndi mtondo. Mkazi wanga anati mtondo suyenda, oyenda ndi munsi. Anaima wina tsidya lino wina tsidya ilo, n'kumakumbutsana zinthu za ali ana, zina zoti ine sindinkazidziwa n'komwe. Chitseko chathu, posowa mpiringidzo, chinkagwa chokha mphepo ya m'mapiri ikaomba, ndipo kawiri chinagwera ine. Tambala ankalira kuyang'ana kum'mawa ngati wofedwa. Amene anamvetsa msanga kuti zinthu zalakwika anali tonde. Iye sanakangane ndi munthu. Anadula chingwe, kuoloka mtsinje, kudutsa m'dimba la munthu wina akudya kabichi, n'kufika kwathu akununkha ngati mwini mudzi. Ankachita zimenezi tsiku lililonse, ndipo mwini dimba ankabwera pambuyo pake.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinapeza mphasa yanga ili panja, yokulungidwa bwinobwino, yomangidwa ndi luzi. Pambali pake panali mkazi wanga, maso ali ofiira. Anali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo ndikanachoka, mwanayo ndikanamamuonera patali ngati mlendo. Apa nthabwala zinandithera. Ndinakhala pansi pafupi ndi mphasayo.

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola.

"Iwe, uwafunse aphunzitsiwo. Kachipinda kawo kaja, kakagawa ulusi wake theka uku theka uko, tiwiri timeneto timagawanikanso?"

"Akuti timagawanikanso?"

"Muwauze kuti inde. Tiwiri timakhala tinayi."

"Uwafunse, tinayito?"

"Timagawanikanso," ndinayankha mkazi wanga asanatsegule pakamwa.

"Ndiye uwafunse kuti, theka la theka la theka, pofika poti muzu watalika ngati chala, m'tizipindamo mumatsala chiyani? Ine ndikagawa mchere wanga choncho, pofika Loweruka ndiye kuti ndikunyambita chikho."

Mkazi wanga sanabwereze. Anangondiyang'ana. Ine ndinayang'ana mphasa. Zaka ziwiri ndinali nditafotokoza za anyezi kwa aliyense wokhala ndi makutu, koma funso limeneli linali lisanandifikepo.

"Muwauze amayi kuti zimenezo zinali za Lachinayi."

"Nanga Lachinayilo anali kuti?"

"Muwauze kuti ndinali paulendo."

Kenako ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo chikwatirireni: apongozi anga akuseka. Anaseka mpaka nkhokwe kugwedezeka, poti anaitsamira.

"Uwauze kuti ine makina awo sindinawaone, koma anyezi si chitsiru. Asanagawe, amayamba wapanga china chofanana ndi chimene ali nacho. Ulusi uliwonse ukhale ndi mnzake, ndiye agawe, aliyense atenge zathunthu. Tizipinda tawo tongokhala tija sitinangokhala, tinali pantchito. Koma aphunzitsiwa ntchito akaiona saizindikira."

"Akuti ntchito mukaiona..."

"Ndamva, mayi."

Chigamulo chinali chotere. Katundu yense abwerere pakhomo, ndipo alamu adikire mpaka tikolole. Pa miyezi imeneyo pakhale mtondo wachiwiri, munsi wachiwiri, mpiringidzo, mipini, zonse ziwiriziwiri, ndipo wozipanga ndi amene anagawa. Mphasa inalowanso m'nyumba, koma luzi sanamasule, kuti ndizikumbukira.

Sindinagwirepo ntchito ngati chaka chimenecho. Mipini ndinasema. Munsi ndinasema, wokhota pang'ono, koma mpaka lero ulipo. Kamwala koperera ndinakasaka kumtsinje masiku anayi. Za nkhuku ndi mbuzi sindinavutike nazo: thadzi linaswa anapiye asanu ndi awiri, ndipo maulendo a tonde aja anabala mapasa. Mtondo ndiwo unandigonjetsa. Woyamba ndinauboola mpaka pansi, moti ukathiramo chimanga umachipeza pa zala zakumapazi. Wachiwiri unang'ambika. Wachitatu ndinakagula mwakachetechete kwa mmisiri wina wa ku Kaphuka, n'kuupaka dothi kuti uoneke ngati wosemedwa ndi ine. Mkamwini mnzanga anauyang'ana, anandiyang'ana, n'kusunga mawu ake atatu. Munthu ameneyo ndimamulemekeza mpaka lero.

Titakolola ndinajambulanso mzere pabwalo. Ulendo uno mtondo unayang'anana ndi mtondo, munsi ndi munsi. Nditati kokani, aliyense anapita ndi nyumba yathunthu, ndipo panalibe woluluta chifukwa panalibe chodabwitsa. Madzulo ake ndinapeza luzi lija litamasulidwa. Mwana wathu anali atabadwa kale, wamkazi, mphuno yanga, mawu a agogo ake.

Patapita zaka zambiri ndinakumana pamsika wa ku Linthipe ndi mnzanga uja anafunsa za tizipinda tongokhala. Anali atakhala mphunzitsi weniweni, wa njinga. Ndinamukokera pambali.

"Achimwene, tandiuzani. Lachinayi lija munaphunzira chiyani, poti anyezi ndinadya?"

"Wansembe anakazula wina kudimba," anatero. "Anati kachipinda kamatha nthawi yaitali kakuoneka ngati kakugona, chonsecho kakukula ndi kukonzekera, ndipo pofika pogawanika ulusi uliwonse umakhala utasanduka uwiri wofanana. Kugawanika kwenikweniko n'kwa kanthawi kochepa."

Ndinamuuza kuti zimenezo ndinaziphunzira kale kwa katswiri wina wa kuseri kwa nkhokwe. Kenako ndinamufotokozera za mtondo ndi munsi. Anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga.

"Komatu simunalakwitse kwenikweni," anatero. "Kugawa kwa theka kuliponso, tinakuphunzira chaka chachitatu. Kumachitika popanga mbewu ya mwamuna ndi ya mkazi. Kumeneko kachipinda kamatengadi theka la ulusi, ndipo pakokha sikangapange kanthu mpaka kakumane ndi theka lochokera kwina. N'chifukwa chake mwana amatenga uku ndi uku."

"Ndiye kuti ine ndinagawa mwa chaka chachitatu?"

"Mungatero."

Ndinabwerera kumudzi ndikuyenda ngati bishopu. Ndinauza mkazi wanga kuti akawauze amayi ake, amene tsopano anali okalamba ndithu, kuti kugawa kwanga kuja kunali kwa maphunziro apamwamba, kofuna kuti mbali ziwiri zizifunana, ndipo pakhomo ponse amene anakumvetsa anali tonde yekha. Yankho linabwera kuchokera kuseri kwa nkhokwe, losadikira wolifikitsa.

"Uwauze kuti n'zoona, iwo ndi tondeyo anaphunzira kalasi imodzi."

Umu ndi mmene ndinamalizira maphunziro anga a zamoyo, mochedwa ndi zaka zingapo. Anyezi atatu aja palibe anandilipiritsa. Kabichi wa mwini dimba ndinabweza ndi thukuta. Ndalama yeniyeni imene inatuluka m'thumba langa pa nkhani yonseyi ndi ya mtondo wa ku Kaphuka uja: tiki imodzi, ndiye kuti makobidi atatu.