Kaseti imene a Wilson anadula

A Wilson ndinawadziwa ndili mtsikana, nthawi imene ankaonetsa mafilimu m'chisakasa cha bango pafupi ndi doko limene maboti opita ku chilumba cha Mbenji amanyamukira. Ine ndimagulitsa utaka wouma, ndipo nyumba yanga ndi yawo zinangolekana ndi mpanda wa udzu. Zimene ndikunenazi si zongomva kwa anthu.

Bambo amenewo ntchito ina sankaidziwa. Ukonde sanaugwirepo, khasu ndiye musatchule n'komwe. Chuma chawo chinali deki yoonetsera mafilimu, sikirini yachimsana, jenereta yotsokomola ndi katoni ya makaseti. Kenako pakamwa. Mafilimu anali a Chimwenye, a karate ndi a azungu okwera pamahatchi, ndipo iwo ankaima pambali pa sikirini n'kumamasulira m'Chichewa zilankhulo zimene sankazimva ngakhale liwu limodzi. Ukawafunsa kuti uonere iti, ankayamba akuyang'ana kumaso. Wokanidwa ndi mkazi ankamuikira ya karate. Wochokera ku Mbenji, amene watha miyezi osaona nkhope ya mkazi, ankamuikira ya nyimbo. "Zatsopanozi ndi phokoso chabe," ankatero. "Filimu ndi yakale."

Imene inawatchukitsa inali ya Chimwenye, tonse tinkangoti ya mwini bwato. Mwamuna amalowa panyanja, namondwe n'kumupeza, mkazi n'kumadikira pagombe miyezi ndi miyezi. Kenako nyimbo imayamba, mwamunayo n'kutulukira atavala zoyera, n'kuvina ndi mkazi wake m'munda wa maluwa. Koma kumeneko ndi kulota. Mkaziyo amadzidzimuka, n'kupeza anthu akubweretsa mtembo pamphasa.

Tsiku loyamba anaionetsa yonse, ine ndikugulitsa zitumbuwa pakhomo. M'mawa mwake asodzi anakana kulowa m'madzi, ati aona malodza. Eni maboti anabwera kudzawazazira a Wilson. Iwo anangotenga lezala n'kudula kaseti ija pamene nyimbo ithera, chotsalacho n'kumata ndi selotepi. Kuyambira pamenepo mwini bwato ankabwerera kwawo, sikirini n'kuchita mpunga, a Wilson n'kunena kuti, "Ndiye anafika, abale, tiyeni tizipita." Amene tinaona mapeto enieni tinali ochepa, ndipo ambiri anamwalira kapena kusamuka. Akazi awo, a Salome, sanali m'gulu limenelo.

Mu Julaye 2013 mwera unagubuduza boti la anthu asanu likuchokera ku Mbenji. Anayi anapezeka. Amene sanapezeke anali Madalitso, mwana woyamba wa a Wilson ndi a Salome, bambo wa ana awiri. Akuluampingo anabwera kuti pachitike mwambo wa maliro, a Salome n'kuwabweza pakhomo. Anati sangalire munthu amene sanamuone. Mpiringidzo wa chitseko anauzula okha, kuti mwana akabwera asavutike kugogoda.

Chisakasa chija chinafa chokha. Mafoni anabwera, mpira wa pakanema unabwera, achinyamata anayamba kuwatcha a Wilson kuti agogo a makaseti. Deki anailowetsa m'nyumba n'kumaiyendetsa ndi batire. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankaika ya mwini bwato, woionera ali mmodzi yekha, a Salome. Ankaima pambali pa sikirini monga kale n'kumamasulira, ndipo nyimbo ikayamba a Salome ankati, "Mwaona? Amabwera." Musaganize kuti mayiwo mutu unazungulira, ayi. Ankadziwa kuti filimu ndi filimu. Koma linali tsiku lokhalo pa sabata limene ankamaliza chakudya m'mbale.

Ine zinkandinyansa, ndinene zoona. Tsiku lina ndinawapanikiza a Wilson pampanda.

"Inu achimwene, mudzawanamiza mpaka liti mayiwa?"

"Ndiwauze kuti chiyani, achemwali? Kuti lezala ndi imene yawasunga?"

"Nanga ana a Madalitso? Akukula osadziwa ngati ali amasiye."

Anangoti, "Inunso munaiona yonse. Pitani mukawauze ndinu."

Sindinapite. Mlandu umenewu ndi wanga womwe.

Chaka chatha lamba wa m'deki anaduka. A Wilson anayenda nayo Salima yense, okonza mawailesi n'kumawaseka. A Tahir okha, a kuseri kwa depoti, ndi amene anaitsegula, koma anati zinthu zimenezi zinasiya kubwera kalekale. Panadutsa masabata atatu opanda filimu, a Salome n'kuyamba kusiya mbale osaikhudza. Ndiye kunamveka kuti ku Chipoka kuli munthu amene anasunga deki yakale. Loweruka m'mamawa a Wilson anakwera minibasi.

Tsiku lomwelo kunafika Takondwa, mwana wawo wamkazi amene amaphunzitsa ku Lilongwe. Iyeyu anabadwa kaseti itadulidwa kale. Ataona mmene mayi ake aondera, anatenga chikuto cha kaseti, n'kulemba dzina la filimuyo mufoni, n'kuipeza. Mwanayo ankafuna kuthandiza, sindingamunene.

Ine ndinali pathandala kutembenuza nsomba, dzuwa lili pamutu. Ndinamva nyimbo ija kudzera pampanda, mtima n'kukhala pansi kuti deki yapezeka. Kenako ndinazindikira kuti ikumveka bwino kwambiri, yopanda kukhosomola kwa kaseti kuja, ndiponso palibe mawu a a Wilson. Ndinataya nsomba n'kuthamanga. Miyendo yanga ndi yakale, ndipo chipata chawo chili mbali inayo.

Ndinawapeza pakhonde, foni itatsamira kapu. Mkazi wa mufilimu anali atadzuka kale, anthu akutsitsa mphasa pamchenga. Takondwa anatambasula dzanja kuti azimitse, a Salome n'kumugwira pamkono. Anaonera mpaka mayina atayamba kukwera. Sanalire.

A Wilson anafika chakumasana pakabaza, deki ili pamiyendo, nkhope ili mwee. Ataona foni ija ndi nkhope zathu anaima pomwepo.

"Munkadziwa?" anafunsa a Salome.

"Ndinkadziwa, amake Mada."

"Ndi inunso?" Apa ankayang'ana ine. Ndinayang'ana pansi.

"Zaka khumi ndi chimodzi," anatero. "Mumaimirira apo n'kumati anafika."

A Wilson, amene pakamwa pawo panalankhulira Amwenye ndi Matchaina zaka makumi atatu, anangotembenuka. Deki ija anaiika pansi pa mtengo wa mango, ndipo mpaka lero ili m'khitchini, nkhuku zikuikirapo mazira.

Mwambo wa maliro unachitika Loweruka lotsatira, opanda bokosi. Ana a Madalitso analira, ifenso tinalira. A Salome anakhala pamphasa maso ali gwa. Anthu ankati ndi bwino, tsopano mtima ukhala pansi. Anthu amalankhula. Mayiwo tsopano amadya ngati mbalame, kutchalitchi anasiya, ndipo amuna awo akawalankhula, iwo amangoyankha kuti eya kapena ayi. A Wilson nawo akafunsidwa ndi anyamata padoko, mwachipongwe, kuti filimu yabwino ndi iti, amangodutsa.

Chimene sichindichoka m'makutu ndi cha m'mawa wotsatira malirowo. Ndinali kusesa kuseri, ndipo ndinamva a Salome akulankhula kwa amuna awo chiganizo chathunthu, choyamba sabata yonseyo.

"Bwezeretsani mpiringidzo uja pachitseko."

Kenako hamala inayamba kulira, pang'onopang'ono, ngati woigwirayo sakufuna kuti msomali ulowe. Inalira kasanu ndi kamodzi. Ndinaima ndi tsache m'manja mpaka ndinamva a Salome akuuyesa, kutseka, kutsegula, n'kutsekanso.