Sipika Yong'ambika

Ndiyamba ndi kuthokoza Mulungu amene anandipatsa zala ndi makutu, ndipo sanandilande chilichonse mwa izi pa zaka zonse zimene ndakhala ndikusokosera anthu a ku Chawama.

Tinali ndi gulu loimba, ine ndili wa gitala. Tinkaimba masalimo, koma osati monga a kwaya. Ng'oma zinkagunda ngati akugwetsa nyumba, woimba wathu ankavala chiguduli wopanda nsapato, ndipo gitala yanga inkalira ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Kulira kumeneko ndinakupanga dala: ndinacheka pepala la sipika yanga ndi lezala kuti mawu azituluka osasa. Akulu a mpingo ankati ndi phokoso. Ine ndinkawayankha kuti malinga a mzinda wa m'Baibulo uja sanagwe ndi nyimbo yogonekera mwana.

Kenako dziko linatembenuka. Makampani a boma anagulitsidwa, zovala zakale za salaula zinadzaza misika, mawailesi atsopano anatsegulidwa, ndipo m'minibasi munkangomveka nyimbo zosalala za kiyibodi. Anzanga anagwirizana kuti tijambule kaseti yotero. Woimba anavula chiguduli n'kugula jekete. Wa ng'oma analola kuti makina aziomba ng'oma m'malo mwake. Sindinawaweruze, pakuti tonse tinali ndi ana. Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti gitala yanga imveke mmene ilili. Anavomera.

Situdiyo inali ku Matero, kuseri kwa nyumba ya munthu. Tinasiyako zida zathu kuti tidzayambe mawa lake. Titabwerera, mwini situdiyo, bambo waulemu ndithu, anandilandira akumwetulira.

"Ba mudala, sipika yanu inali yong'ambika maningi. Naimata na guluu, manje ili bwino. Musavutike, ni mphatso."

Ndinakhudza chingwe chimodzi. Mawu anatuluka oyera, ofatsa, ngati a munthu wopempha ntchito. Anzanga anayang'ana pansi, ndipo ndinazindikira kuti nkhaniyi ankaidziwa. Woimba anayamba kundinyengerera, kuti wailesi siingaulutse phokoso, kuti Mulungu amamvanso nyimbo zofewa. Ndinavomera kuti amamva. Koma ndinamufunsa ngati salimo la munthu wofuula ali m'dzenje tingaliimbe ngati tikutsatsa sopo.

Wa ng'oma anaseka. "Iwe mwana, vinthu vinachinja. Ufuna ana bathu bazidya mavu yako?"

Ndinathokoza mwini situdiyo, chifukwa iye anachita zimene ankaona kuti ndi chifundo. Kenako ndinamubwereka lezala imene ankadulira matepi, ndinagwada, n'kutsegulanso mabala onse amene anamata. Palibe amene anandigwira dzanja. Nditamaliza ndinanyamula sipika yanga pamutu mpaka pokwerera basi.

Kaseti inatuluka popanda ine. Ndinkaimva m'minibasi, ndipo kunena zoona inali yokoma. Kondakitala wina ankaimba nawo akulendewera pachitseko. Sindinatseke makutu, koma sindinalakelakenso kukhalamo. Lamulungu lililonse masana ndinkaimba pakhonde panga, ndekha, oyandikana nawo akudandaula. Ena mwa amuna amene anachotsedwa ntchito m'makampani aja ankabwera kudzakhala panjerwa mpaka nditamaliza.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni pamodzi ndi a m'nyumba mwanu. Akupatseni chakudya cha lero, ndipo mukadzalira kwa Iye ndi mawu osasa, akumveni msanga. Ameni.