Chitini cha apongozi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kuonda. A Bwanali, kapitawo wa zitsime, anafika m'mudzi wa mkazi wanga ku Namwera kufuna munthu wolowa m'chitsime. Anandiyang'ana m'chiuno, n'kuona khadi la chipani, basi ndalembedwa.

Chitsimecho chinali kumunsi kwa esiteti ya fodya. Mankhwala a ku nazale anali atalowa pansi, madzi n'kumanunkha ngati palafini, ana n'kumasanza. Eni esiteti anali akuluakulu, choncho tinkangoti madzi adwala. Tinapopa onse ndi pampu yamanja, ine n'kutsika pa chingwe kukachotsa matope ndi fosholo. Dothi la m'mbali tinakumba n'kukataya kutali, pansi tinayala mchenga ndi makala, kenako njerwa ndi simenti. Poyesa madzi, a Bwanali ankaika matemba amoyo m'beseni. Tsiku loyamba anasambira bwinobwino, koma titayesanso patapita masiku, onse mimba m'mwamba. A Bwanali anati akafanso tikwirira chitsime, amayi azikatunga kuseri kwa phiri.

Atakhala pachitsime m'mawa wina, a Bwanali anaona gwero la vutolo. Amayi ankatungira zitini za mankhwala omwewo, zotola ku esiteti. A Bwanali analamula kuti zonse zibooledwe ndi msomali, zikakwiriridwe. Aliyense anabisa chake, maso ali pa apongozi anga, Abiti Juma, eni chitini chachikulu kuposa zonse. Wotumidwa kwa iwo ndinali ine, mkamwini amene ndinkapatukira kutchire tikakumana panjira. Ndinaopa kuposa tsiku lotsika pa chingwe.

Ndinagwada patali, n'kufotokoza maso ali pansi. Apongozi anafunsa mwana wawo, mkazi wanga, ngati ndinafikadi pansi penipeni pa chitsime. Iye anavomera.

"Mwana wa eni walowa m'dzenje chifukwa cha ife, ine ndikakamire chitini? Auzeni abweretse msomaliwo."

Anaboola okha, pabwalo, anthu akuona. Pofika masana zitini zinali mulu, ndipo madzi sananunkhenso.

Ndakonza zitsime zambiri kuchokera apo, mpaka ku Nkhudzi. Ndisanamange chingwe m'chiuno, ndimayamba ndakhala pansi kuona chomwe anthu akutungira, n'kufunsa mayi amene anzake amamumvera. Chitsime cha ku Namwera sitinachikwirire. Adzukulu a Abiti Juma, omwe ndi ana anga, anakulira madzi ake.