Maluwa a Agogo Pakhoma

Kwee, kwee! Mpaka lero ndimaimvabe sipuni ija ikupala khoma.

Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anali atazira khoma la pakhonde ndi dothi loyera, n'kujambulapo maluwa ofiira ndi chala. Ine ndinali nditaitana anzanga awiri ogwira ntchito kuloji ya alendo ku Mwaya, anthu ozolowera penti wabuluu wonyezimira. Manyazi anandigwira. Agogo ali kudoko, ndinapala duwa lililonse.

Anzangawo sanabwere n'komwe. Tiyi anazizira m'makapu atatu, ine ndili ndekha.

Agogo atafika anatula dengu lawo n'kuyang'ana khomalo nthawi yaitali.

"Ndi mvula, agogo," ndinanama. Unali Okutobala, khomalo lili pansi pa denga.

Anandipatsa tsache. "Sesa mvula yakoyo, ada."

Anasenzanso dengu lawo n'kumapita.