Bala la Pansi pa Bwato

Bwato limene ndinasemera mkamwini wanga linali ndi bala pansi, ndipo bala limenelo ndinacheka ndine. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ndikayamba ndi zina ndizemba, ndimadzidziwa ine.

Ndine mmisiri wa mabwato, kuno kumpoto kwa Malindi. Zida zanga n'zochepa ndipo chilichonse ndimadziwa kwawo. Nkhwangwa ndi nsompho anandisulira mkulu wina wa kumtunda, chitsulo chake n'cha sipuling'i ya lole yakufa. Nkhwangwa ndi yogwetsera mtengo ndi kusadza. Nsompho, ija imaoneka ngati khasu, ndiyo imakumba mimba ya bwato, ndipo kasemasema kamabwera pambuyo kudzasalaza mokhota. Puleni yosalazira ndi ya malemu bambo anga, anabwera nayo kuchokera kumishoni kumene anaphunzira ukalipentala, ngakhale anali Msilamu wosaphonya swala. Tchizulo yogobera yokha ndiyo ndinagula m'sitolo ku boma, ndipo ndi yachabechabe, ikangoona mfundo yapindika kale.

Anthu amayesa bwato timasema ndi manja okha. Makutu ndiwo amatsogola. Ukatema pokhuthala mtengo umati gu, gu. Ukamayandikira kunja mawu amasintha, po, po, ndiye pamenepo umaika nsompho pansi, dzanja lina m'kati lina kunja, n'kumva kuti kwatsala zala zingati. Bambo anandiphunzitsa zimenezi ndi makofi, ndipo kwa zaka zonse ndinali ndisanaboolepo bwato.

Mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi msodzi wa ku Makanjira, amene anabwera kudzakhala pakhomo pathu chikamwini. Munthu wofatsa, waulemu mpaka kutopetsa. Akandiona panjira ankapatuka n'kunyonyomala, maso pansi, kudikira kuti ndidutse. Ndinkamukonda, koma mpongozi ndi mkamwini sacheza ngati anthu a pabawo, choncho sindinamuuzepo. Analibe bwato lake, ankangokwera a anzake. Mwana wanga atakhala ndi pakati ndinaona kuti zimenezi n'zochititsa manyazi, ine mmisiri ndili moyo. Lachisanu lina titatuluka mumzikiti ndinalankhula pagulu kuti mwera usanayambe mkamwini wanga akhala akupalasa bwato lake. Pakamwa pangapa! Pamenepo n'kuti phewa langa lamanja litayamba kale kundivuta.

Mitengo ya chonya ndi mbawa inatha kalekale kuno, ndiye ndinagwetsa mtengo waukulu wa mango wa kumunda kwanga. Ndinakumba masabata awiri, koma ntchito osaoneka. Ndikatema kakhumi dzanja lachita dzanzi. Mng'ono wanga, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, anandipeza nditakhala pachipikacho ndikusisita phewa. Iye anali atabwera ndi makina a petulo ochekera mitengo, aja amati tcheniso.

"Achimwene, mudzafera pakhasu lanulo," anatero. "Chekani mizere yopingasa ndi makina, kenako muzingogamula ndi nkhwangwa. Tsiku limodzi basi."

"Choka apa ndi chimakina chakocho!" ndinamukalipira.

Patapita masiku atatu ndinapita ndekha kukabwereka. Iye anati abwere adzandigwirire, ine ndinakana, ndati iwe wadziwa liti mtengo? Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Makina aja amalira, abale. Makutu amangoti ngwii, mtengo ukuyankha kapena ayi sungamve. Ndinacheka mizere kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndikuyeza ndi maso okha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditagwira ntchito ya mwezi wathunthu. Ndinaseka ndekha tsiku limenelo. Patapita sabata ndinatembenuza bwato kuti ndisalaze kunsi. Nditakankha puleni kanayi kapena kasanu pakatikati, kamzere kanatseguka, kopingasa, kotalika ngati chikhatho changa. Nditasuzumira ndinaona udzu wa pansi.

Mwina wina anganene kuti mabwato onse ali ndi zigamba. N'zoona. Mng'alu wotsata msempha wa mtengo timautseka ndi thonje ndi phula, n'kukhomerapo lata, bwato limakhala zaka. Koma bala lopingasa, pakati penipeni pamene bwato limapindika likakwera funde, silipola. Funde lililonse limalikulitsa pang'ono. Mmisiri aliyense amadziwa kuti bwato lotero ndi lodyeramo mbuzi basi.

Koma mtengo wina ndikanaupeza kuti? Ndipo anthu ankadutsa tsiku ndi tsiku akufunsa kuti, "Amisiri, lilowa liti m'madzi?" Ndinasema kamtengo kopyapyala, ndinakakulunga ndi ulusi wa thumba, n'kukakhomera ndi hamala m'bala muja. Ndinadutsitsapo puleni mpaka chala osamva kanthu. Kenako ndinapaka phula pansi ponse, m'kati ndi kunja, kuti pasaoneke kuti pali malo amene ndawasamala koposa ena. Ntchito imeneyo ndinaigwira mwaluso, ndipo ndimachita nayo manyazi kuposa bala lenilenilo.

Tsiku lopereka bwato mkamwini ananyonyomala patsogolo panga akuomba m'manja. "Zikomo bambo, Mulungu akusungeni." Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti musamapite nalo kutali. Koma panali anthu, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Muzilisamala."

Mwera unayamba mu Juni. M'mawa uliwonse ndinkatsikira kudoko ngati ndikufuna ndiwo, koma ndinkangodikira kuti bwato lija lifike. Mkamwini akanyamula nsomba kupita kumtunda, ine ndinkaliyandikira n'kupondapo ndi chidendene pamalo paja. Poyamba panali gwa. Kenako ndinayamba kumva ngati pakufewa, ndipo phula linachita kamzere konyowa, ngakhale bwato litakhala padzuwa. Ndinkabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, n'kumakalipira mkazi wanga pa zinthu zopanda mutu, mchere, nkhuku, chitseko. Amati chakudza sichiimba ng'oma. Changa chinkaimba tsiku lililonse, ine n'kumanena kuti ndimuuza mawa.

Tsiku lake kunacha bwino, nyanja ili bata, ndipo asodzi anapita kutali kukawonjola maukonde a matchera. Dzuwa litakwera pang'ono mapiri a tsidya, cha ku Monkey Bay, anazimirira. Madzi anada, mafunde anayamba kuchita thovu, mchenga ukutimenya m'miyendo. Mabwato anayamba kubwerera limodzilimodzi, amuna akutsika ali nyowe. Ndinawerenga onse. La mkamwini wanga panalibe.

Mwana wanga anabwera n'kuima pambali panga, mimba ili patsogolo, atafunda chitenje kumutu. Sanandiyang'ane.

"Ababa, pansi paja pakulowa madzi kuyambira sabata yoyamba."

"Pansi pati?"

"Mukudziwa. Amuna anga anakanda phula ndi mpeni, anapaona. Amanyamula zigubu ziwiri zokapira madzi. Ndinawauza kuti akuuzeni, kapena alisiye pamtunda. Akuti mkamwini angauze bwanji apongozi ake kuti dzanja lawo linalakwa? Akuti akalisiya anthu afunsa chifukwa chake."

Mkwiyo unandigwira, poti ine manyazi amatulukira mumkwiyo. "Nanga iweyo bwanji sunandiuze? Pakamwa ulibe?"

"Ndimadikira kuti munene nokha, ababa."

Tinaima pomwepo, iye ndi ine, mphepo ikuwomba. Kumzikiti anaitana swala ya masana, ine osasuntha. Amayi ena anayamba kusonkhana kumbuyo kwa mwana wanga, mmene amachitira akaona kuti mnzawo atha kugwa nthawi ina iliyonse. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinkaona maliro, ndinkaona mwana wobadwa wopanda bambo, ndipo ndinkadziwa kuti matabwa otsekera manda adzabwera kudzapempha kwa ine ndemwe.

Dzuwa litapendeka tinamva injini. Linali boti la matabwa la anthu a doko lina, likubwera mokhotakhota kuzemba mafunde. M'kati munali mkamwini wanga, atagona chafufumimba. Eni botilo anati anamupeza atakakamira theka la bwato, theka lina litapita. Anamutsitsa awiri, akunjenjemera, milomo ili mbuu, akusanza madzi. Mwana wanga anathamanga ndi mimba yakeyo n'kumufunditsa chitenje.

Atadzutsa mutu anandiona. Anadzichotsa m'manja mwa anthu aja, anayenda modzandira mpaka pamene ndinaima, n'kunyonyomala pamchenga, maso pansi.

"Pepani bambo, ndataya bwato lanu. Ndinapita nalo kutali kwambiri."

Msodzi wina wachikulire anafunsa mokweza kuti, "Koma bwato latsopano kuthyoka pakati ngati nzimbe? Zimachitika zimenezo, amisiri?"

Mkamwini anayankha ine ndisanapume n'komwe. "Ndinaligunditsa pamwala dzana. Kulakwa n'kwanga."

Maso onse anabwera kwa ine. Mwana wanga nayenso anandiyang'ana, koyamba tsiku limenelo. Mawu ndinali nawo, anali pakhosi pomwepa, ochepa chabe. Walahi, ndinkafuna kunena. Koma ndinaona anthu amene ndawasemera mabwato, ndi ana awo amene adzafune ena, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Palibe kanthu. Dzukani. Nyanja ndi nyanja, chachikulu mwapulumuka."

Anthu anavomera kuti eya, amisiri anena zoona. Mwana wanga anagwira mwamuna wake pamkono n'kumudzutsa, ndipo anadutsa pafupi nane ngati akudutsa chitsa.

Mdzukulu atabadwa, mwana wanga yekha anapempha kwa amalume ake kuti apite kuchitengwa, kwawo kwa mwamuna ku Makanjira. Palibe anamvetsa chifukwa chake, poti pakhomo panalibe mkangano. Mkamwini amanditumizirabe usipa wouma pa lole, ndi moni waulemu. Mkazi wake akaimba foni amacheza ndi amayi ake nthawi yaitali, ndimamva ndi kamwana kakulira chapatali. Ndikatambasula dzanja kuti andipatse foniyo ndimamva akuti, "Auzeni ababa kuti tili bwino," n'kudula.