Tsiku Limene Ndinalondera Pakamwa pa Akulu Anga

Akulu anga anali ndi chotupa pakhosi. Chinayamba ngati nthudza, koma pofika zaka zija zimene shuga ndi sopo tinkazipeza titapsa ndi dzuwa pamzere, chinali chitakula moti ankachiphimba ndi mpango, ndipo akagona chagada mpweya unkawavuta. Tinkakhala limodzi ku komboni ya Chawama, iwo akugulitsa makala pakhomo, ine ndikusoka zovala pakhonde la sitolo ina.

Madokotala anati chiyenera kuchotsedwa. Kunenako kunali kosavuta. Tinapitako ndi katundu wathu n'kubwezedwa chifukwa kunalibe mankhwala ogonetsa, tinapitanso n'kubwezedwa chifukwa kunalibe magazi. Alamu anga atapereka magazi awo, m'pamene anesi anati akulu anga agonekedwe, opaleshoni ichitika mawa lake. Ndinatuluka m'chipindamo ndikuseka ndekha ngati wamisala, mpaka ndinapatsa moni mlonda wa pageti yemwe ndinali nditakangana naye m'mawa womwewo.

Wodikirira wodwala ndinali ine. Ndinanyamula chidebe, bulangeti, kapu, kachidutswa ka sopo ndi katoni yoyala pansi pa bedi, popeza masiku amenewo kuchipatala unkapita ndi zako. Nesi wamkulu wa mu wodiyo, mayi wamfupi wa mawu amphamvu, anandiitanira pambali.

"Imwe ba pa bedi, mverani. Bakadya va m'mazulo, kwasila. Mailo kuseni pakamwa pasapite kanthu, olo manzi. Munthu akagona na mankhwala, vakudya vimabwerera, vingangene mu mapapo. Bakadya, ba dokota sibazagwirako."

Sindinafunike kuuzidwa kawiri kuti mawa lake m'mawa asalawe ngakhale madzi, chifukwa umboni unali pa bedi loyandikana nalo. Panagona mayi wa ku Kanyama amene tsiku lake linamudutsa kaamba ka banzi limodzi limene mwamuna wake anamupatsa pomumvera chisoni. Anali akudikirabe kuti amuikenso pamzere, ndipo palibe ankadziwa kuti ndi liti. Ndinayang'ana khosi la akulu anga, ndinamva mmene mpweya unkalirira, ndipo ndinadziwa kuti iwo kudikira kotero sakanakutha.

Vuto linali loti nkhani inali itafika kale ku Chawama, ndipo kwathu wodwala sitimuyendera chimanjamanja. Madzulo zinayenda bwino. Amayi a kutchalitchi anabwera, anaimba chapansipansi, akulu anga anadya mpaka kukhuta. Koma m'mawa, geti litangotsekulidwa, anthu anayamba kulowa asanapite kuntchito, aliyense ndi kakekake m'manja. Ndinakhala pamapazi a bedi ngati galu wa pakhomo. Zitumbuwa ndinabweza, maheu ndinabweza. Mayi wina woyandikana nafe nyumba anabwera ndi tiyi wa shuga weniweni, shuga amene anamuimira pamzere theka la tsiku, ndipo nditamukaniza anandiyang'ana ngati ndamutukwanira amake.

"Manje iwe ndiwe dokota?" anatero.

"Lero chabe, ba neba. Mailo mubwerese, bazamwa."

Tiyiyo anamwa mayi wa ku Kanyama, ndipo ine mumtima ndinkavina, poona kuti nthawi ikuyandikira ndipo pakamwa pa akulu anga padakali pouma.

Kenaka analowa azakhali.

Awa anali alongo awo a bambo athu, amene anatilera mayi athu atamwalira. Anali atamva uthenga wa matendawo ku Katete, nakwera basi osatiuza, nafikira kunyumba kwathu, ndipo kusanache anali ataphika phala la nsinjiro zochokera kumunda kwawo. Analinyamula m'kambale kovundikira, atakakulunga m'chitenje kuti lisazizire. Nditawaona ndinasangalala mpaka misozi, koma nditaona kambaleko ndinafulumira kuwachingamira asanafike pa bedi.

Ndinawagwadira, ndinawafotokozera zonse mwaulemu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. "Koma tandiuza, munthu apite ku mpeni m'mimba muli pululu, mphamvu yodzukira akaitenga kuti? Amako anayamba n'kukana chakudya. Ndinalipo ine, iwe unali kumsana."

"Si kukana, azakhali. Ndi lamulo la adokotala."

"Sipuni imodzi dokotala aiona bwanji?"

Ndinapukusa mutu, iwo sanatsutsenso, ndipo ine ndinaganiza kuti zatha. Nesi anandituma kuti ndikataye madzi a m'chidebe, popeza otenga wodwala anali pafupi kufika. Bafa linali kumapeto kwa wodi. Pobwerera ndinaona chitenje chija chili chomasula, azakhali atakhala m'mphepete mwa bedi, sipuni yodzaza ili m'mwamba. Akulu anga, amene chibadwire sanakanepo kanthu kochokera m'dzanja limenelo, anali atayasama pang'ono, maso ali kwa ine, akundipempha popanda mawu.

Chidebe ndinachiponya. Sindikumbuka kuti ndinadutsa bwanji pakati pa mabedi aja. Ndinamenya dzanja la azakhali, sipuni inauluka n'kukagwera pansi pa bedi la mayi wa ku Kanyama, phala linamwazikira pa bulangeti.

Wodi yonse inatembenukira kwa ife. Kwathu mwana sakweza dzanja kwa munthu amene anamulera, ngakhale pakhale chifukwa chotani, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi, komabe sindinachoke pakati pa azakhali ndi akulu anga.

"Wandimenya, mwana wa mlongo wanga," anatero azakhali motsitsa mawu. "Chabwino. Akapanda kudzuka, udzandiuze kuti anapita ndi njala chifukwa cha yani."

Anavundikira kambale kawo, anakakulunga, natuluka.

Posakhalitsa anafika anyamata awiri ndi bedi la mawilo. Nesi wamkulu anandiyang'ana m'maso.

"Badyako?"

"Iyai."

"Olo pang'ono?"

"Olo pang'ono, ba nesi."

"Tiyeni nabo."

Mawu amenewo tinali titawadikira nthawi yaitali, moti ndinayenda pambali pa bedilo ndikulankhula zosamveka, ndikuwalonjeza akulu anga diresi la khosi lotseguka limene ndidzawasokere, iwo akuseka ndi mantha omwe. Chitseko chitatsekedwa, chimwemwe chija chinandithera, ndipo mawu a azakhali anayamba kundilira m'makutu.

Ndinawapeza panja pa kapinga, pansi pa mtengo pamene odikirira odwala ankayanika zovala. Ndinakhala chapatali pang'ono. Anandifulatira. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendeka, ife tili pomwepo. Ndinkaopa kuti akulu anga sadzuka, ndipo ndinkaopanso kuti akapanda kudzuka ndidzakhala nditataya anthu awiri tsiku limodzi.

Chakumasana nesi anatulukira pakhonde n'kundikodola. Ndinathamanga, azakhali akubwera pambuyo ndi kambale kawo. Akulu anga anali pa bedi lawo, maso olemera ndi tulo, khosi lokulungidwa ndi bandeji, koma losalala ngati la mtsikana. Ankapuma mwakachetechete, kaphokoso kaja kulibe. Ndinalumpha ngati mwana, ndinakumbatira nesi, ndinakumbatira ndi mayi wa ku Kanyama yemwe.

Azakhali anaima nthawi yaitali akuyang'ana chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anafunsa nesi ngati tsopano akulu anga angadye, nesi anati ayi, mpaka atawauza. Ulendo uno anangogwedeza mutu. Kenaka anandikoka dzanja mpaka pakhonde.

"Iwe wadya chiyani lero?"

"Palibe, azakhali."

Anamasula chitenje chija n'kundiikira kambale m'manja. Phala linali litazizira mpaka kulimba.

"Sipuni unataya wekha," anatero. "Udya ndi zala."

Ndinakhala pansi pomwepo, anthu akudutsa, ndikudya ndi zala uku misozi ikugwera m'mbale, ndipo iwo anaima pambali panga osasuntha mpaka ndinamaliza lonse.